Pakhomo Pathu: Kagalu ndi Ndowa ya Udhu

Titaberedwa mbuzi ziwiri ndinagula kagalu koti kazilondera khola, pakuti galu wolondera Chisilamu sichiletsa. Koma sabata yoyamba yomweyo kanaba usipa pathandala, ndipo Lachisanu tinakapeza kakumwa m'ndowa ya madzi a udhu. Mayi a kunyumba anataya madziwo, natsuka ndowayo maulendo 7, ulendo umodzi ndi dothi, monga tinaphunzirira ku madrasa. Mwana wanga anatola ndodo. Ndinamuletsa. Kagaluko kanali ndi ludzu, ndipo woiwala kukapatsa madzi ndinali ine.

Tsopano kali ndi mbale yakeyake kuseri kwa khola. Kakaponda pakhonde timangoti "Choka!", kakamvera timakaponyera mutu wa chambo. Za usipa zokha sitinamvanebe.