Loweruka la ku Soweto: mahatchi, mabwato ndi chingwe cha pansanja

Mabasi a alendo akalowa mu Soweto amalunjika malo amodzi, msewu wa Vilakazi ku Orlando West. Alendo amatsika, n'kulowa m'nyumba ya nambala 8115 momwe ankakhala Nelson Mandela, n'kusuzumira pampanda wa nyumba ya Desmond Tutu, kenako n'kukaona nyumba ya chikumbutso cha Hector Pieterson yomwe idatsegulidwa mu 2002. Dzuwa likamapendeka amakhala abwerera kale kumahotela a ku Sandton. Malo amenewa ndi aulemu wake, ndipo munthu wanzeru sangawapeputse. Koma tauni yomwe pakalembera wa 2011 idapezeka ndi anthu oposa 1.2 miliyoni siingathere mumsewu umodzi. Eni dera akafunsidwa komwe Loweruka limakoma, amaloza kwina.

Choyamba kuloza ndi nsanja ziwiri za ku Orlando, zotalika mamita 100, zomwe zimaonekera patali munthu akamachokera ku Johannesburg. Nsanjazi zidamangidwa kuti ziziziziritsa madzi a siteshoni yopanga magetsi ndi malasha, yomwe idayamba ntchito mu 1942 n'kutsekedwa mu 1998. Chopweteka pa mbiri yake n'chakuti magetsiwo ankawalitsa mzinda ndi madera a azungu, pomwe nyumba zambiri za mu Soweto zidakhala zikuunikira makandulo ndi nyali za parafini mpaka m'zaka za m'ma 1980. Anthu oyandikana nayo ankangolandira utsi. Lero makoma a nsanjazi adapakidwa zithunzi zamitundu yowala, ndipo pamwamba pake adayala kamlatho kolumikiza ziwirizo. Wolimba mtima amakwera ndi chikepe cha m'mbali mwa khoma, amamumanga chingwe chotamuka m'miyendo, n'kudziponya chamutu. Wina amasankha kugwera mu ukonde womwe adautchera m'kati mwa nsanja. Amantha satsala opanda chochita: m'munsi muli Chaf Pozi, malo a nyama yootcha ndi nsima, komwe anthu amatafuna maso ali kumwamba, kudikira kukuwa kwa wolumpha wotsatira.

Alendo ambiri amathera pomwepo, osadziwa kuti kuseri kwa nsanjazo kuli damu. Madzi ake kale ankagwira ntchito ya pasiteshoni. Kuyambira mu 2003 pali kalabu ya mabwato, Soweto Canoe and Recreation Club, yomwe imaphunzitsa ana a m'madera ozungulira. Mwana akabwera sapatsidwa nkhafi tsiku lomwelo. Amayamba waphunzira kusambira, chifukwa ana ambiri okulira m'zisakasa za m'mbali mwa damulo sadalowepo m'madzi akuya. Mabwato ake ndi aatali, opyapyala, opepuka moti munthu mmodzi amausenza paphewa n'kuthamanga nawo, ndipo kusenzako ndi mbali ya masewerowo. Pampikisano wa Dusi, wa masiku atatu kuchokera ku Pietermaritzburg kukafika ku Durban, mtunda wa makilomita pafupifupi 120, opalasa amatuluka m'madzi pamalo ena n'kudutsa mapiri bwato lili paphewa. Siseko Ntondini, mnyamata wokulira m'zisakasa za Elias Motsoaledi, adaphunzirira padamu lomweli. Mu 2014 iye ndi Piers Cruickshanks adamaliza Dusi ali m'gulu la mabwato khumi oyambirira n'kulandira mendulo ya golide, ndipo nkhani yawo ndiyo idabala filimu ya Beyond the River mu 2017. Munthu wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi sangadabwe kuona mwana akupalasa. Ku Soweto, kopanda nyanja, komwe kwa zaka zambiri masewero a m'madzi ankaoneka ngati a azungu okha, mwana wogwira nkhafi Loweruka m'mawa ndi nkhani yaikulu.

Chodabwitsa kwambiri chili ku Rockville, komwe pakati pa nyumba za m'tauni pali makola a mahatchi. Mwini nzeru ndi Enos Mafokate, wobadwira ku Alexandra mu 1944. Ali mnyamata adalembedwa ntchito yosamalira mahatchi a azungu: kuwapesa, kuwadyetsa, kusesa ndowe. Pansi pa ulamuliro wa tsankho munthu wakuda ankaloledwa kugwira chingwe cha hatchi, koma osati kuikwera pampikisano. Mafokate adaumirira mpaka adakhala munthu wakuda woyamba m'dzikomo kupikisana pa masewero olumphitsa hatchi pamipiringidzo. Mu 1980 adakapikisana ku Britain, ndipo mu 1992 adapita ku Barcelona ndi gulu la South Africa pa masewero a Olimpiki. Achinyamata ambiri amalidziwa dzinalo kudzera mwa mwana wake, Arthur Mafokate, woimba nyimbo za kwaito.

Mu 2007 mkuluyu adatsegula Soweto Equestrian Centre. Hatchi si nyama yachilendo mu Soweto, chifukwa kwa zaka zambiri ndiyo inkakoka ngolo za ogulitsa malasha khomo ndi khomo m'nyengo yozizira. Chachilendo ndi kuona mwana wa mu Soweto atavala chisoti cholimba, msana uli chilili, akuzungulira bwalo pamsana pa nyama yomwe agogo ake ankangoiona ikupuma wefuwefu ndi katundu. Ena amaphunzira kuimirira ndi kugadabuka pamsana pa hatchi ikuthamanga mozungulira, mphunzitsi ataigwira ndi chingwe chachitali ali pakati pa bwalo. Ana olumala nawonso amakwera, wina akutsogolera hatchi, wina akuyenda m'mbali dzanja lili pabondo la mwanayo. Pa malo onse omwe eni dera amatchula, ano ndiwo oyenera kuti kholo lililonse lokhala ku Joni lipiteko ndi ana ake, ngakhale kukangoimirira pampanda.

Ku Jabavu kuli nsanja ina, yaifupi, yomwe mabasi amailambalala kawirikawiri. Ndi Oppenheimer Tower, yomangidwa mu 1957. Njerwa zake adaumba ndi phulusa la zisakasa zomwe zidagwetsedwa anthu atasamutsidwira m'nyumba zatsopano, ndipo dzinalo ndi la Ernest Oppenheimer, yemwe mu 1956 adakonza zoti makampani a migodi abwereke khonsolo ya Johannesburg mapaundi 3 miliyoni omangira nyumbazo. Wokwera masitepe ake 49 amaona Soweto yonse itayalika, madenga ofanana m'mizere, ndipo chapatali milu yachikasu ya dothi la m'migodi ya golide. Mmalawi asayang'ane milu imeneyo ngati malo okongola chabe. Dothilo lidafukulidwa ndi manja a anthu ochokera m'maiko ambiri, ndipo ena mwa iwo adali agogo a ku Nyasaland omwe adapita pa Wenela. Ulendo umenewo udaimitsidwa mu 1974, ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70.

M'munsi mwa nsanjayo, pakati pa mitengo, muli mudzi wa Credo Mutwa, sing'anga komanso mlembi wa buku la Indaba, My Children. Kuyambira mu 1974 adaumba pamalopo ziboliboli zikuluzikulu za milungu, mizimu ndi zilombo za m'nthano, pamodzi ndi nyumba zaudzu za mitundu yosiyanasiyana. Mu 1976 ana asukulu adatentha mbali ina ya mudziwo pomuganizira kuti ankagwirizana ndi boma la azungu, ndipo iye adachoka mu Soweto. Adamwalira mu 2020. Anthu amatsutsanabe za iye mpaka lero, ena akuti adali mneneri, ena akuti ankapeka zambiri. Sukulu ya Morris Isaacson, imodzi mwa sukulu zomwe ana adanyamukira kukachita zionetsero pa 16 Juni 1976, ili pafupi pomwepo, choncho woyenda pansi amaona mbali zonse ziwiri za mkanganowo m'mawa umodzi.

Madzulo ndi a phokoso. Masewero ozungulitsa galimoto pamalo amodzi mpaka matayala kufuka utsi adabadwira m'misewu ya Soweto m'zaka za m'ma 1980, pamaliro a zigawenga, pomwe anzawo a malemu ankatsanzika motero. Galimoto yokondedwa ndi BMW 325i yakale, yomwe kumeneko amaitcha gusheshe. Masiku ano ndi masewero ovomerezeka, ochitikira m'mabwalo otchingidwa, amayi nawonso akuyendetsa, ndipo katswiri amatuluka pazenera galimoto ikuzungulirabe yokha. Za pamsewu wamba zija ndi zoopsa, ndipo mlendo sayenera kuziyandikira. Njala ikagwira pali kota: chigawo cha buledi chobooledwa m'kati, n'kuthiramo tchipisi, soseji, tchizi ndi mango okoleza ndi tsabola, chodyedwa ndi manja awiri munthu ataimirira.

Amalawi ambiri okhala ku Johannesburg amagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi, Lamulungu n'kupita kutchalitchi kapena kukatumiza katundu kumudzi pa mabasi a ku Park Station. Ena amaopa Soweto, ndipo manthawo ali ndi pochokera: mu Januwale 2015 magolosale a anthu obwera adathyoledwa m'madera angapo a tauniyi, kuyambira ku Snake Park. Zimenezo sizoiwalika. Komabe damu, makola a mahatchi ndi nsanja ya ku Jabavu ndi malo a masana, a mabanja, ndipo kufikako sikufuna galimoto yakoyako. Mabasi a Rea Vaya, omwe adayamba kuyenda mu 2009, amachoka pakati pa mzinda n'kukathera ku Thokoza Park, mu Rockville momwemo. Kuchoka pasiteji imeneyo tchalitchi cha Regina Mundi, chomwe chidasunga zipsera za zipolopolo za 1976, chili poyenda pansi, ndipo makola a Mafokate ali m'dera lomwelo. Wofuna kuti ana akwere ayambe wafunsa tsiku ndi nthawi ya maphunziro, chifukwa pamalopo ndi pasukulu, ndipo ana olembetsa ndiwo amayamba kukwera.