ZA KUMUNDA: Chinangwa Sichifuna Phuma

Ulendo uno tikambirane za chinangwa, mbewu imene ife a m'mbali mwa nyanja tinakulira. Kuchokera ku Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota mpaka ku Likoma, nsima ya kondowole ndiyo yalera mabanja ambiri. Pa chilala cha 1992 ndiponso pa njala ya 2002, mabanja amene anali ndi munda wa chinangwa anali ndi podalira chimanga chitakanika. Chinangwa ndi nkhokwe ya pansi pa nthaka, koma nkhokwe imeneyi imafuna munthu wodekha.

Kudekhako kumayambira pa mbewu. Tisamangothyola mitengo paliponse. Tisankhe mitengo yokhwima kuchokera ku mbewu zopanda khate, lomwe timalizindikira ndi masamba opiringizika a mawanga achikasu. Palinso matenda ena oipa amene amawoletsa chinangwa m'kati pamene kunja chikuoneka bwino. Matenda onsewa amayenda ndi mitengo yobzala. Tidule zibenthu za masentimita 25 mpaka 30, tibzale ndi mvula yoyamba pa mizere yotalikirana masentimita 90, ndipo tipalire bwino m'miyezi itatu yoyambirira. Alangizi a zaulimi angatithandize kupeza mbewu zabwino monga Sauti ndi Mkondezi.

Nkhani yaikulu ili pa kuviika. Manyokola, amene ena amati Mbundumali, timadya osaviika, koma chinangwa chowawa monga Gomani chili ndi poizoni wotchedwa cyanide. Makolo athu sanalakwe potiphunzitsa kusenda, kuviika m'madzi masiku atatu kapena kuposerapo mpaka chifewe, kenaka kuyanika mpaka chiumiretu. Ntchito yonseyi ndi yochotsa poizoniyo. Vuto limadza m'nyumba mukalowa njala. Ana akulira, mayi amavuula chinangwa chisanafewe, nasinja chisanaume. Zotsatira zake ndi chizungulire, kusanza, kupweteka kwa mutu, mwinanso imfa. M'chaka cha 1981, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000, ambiri a iwo amayi ndi ana, anapuwala miyendo atadya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino pa nthawi ya chilala. Kupuwala kumeneku sikuchizika. Tikumbukirenso kuti chilala chimawonjezera poizoni m'chinangwa, choncho chaka chouma ndicho chofunika kudekha koposa. Inu abambo, musafulumizitse amayi pa ntchito imeneyi. Tiziviika china pamene ufa wakale usanathe.

Kondowole amakhutitsa ndi kupereka mphamvu, koma zomanga thupi zili m'menemo ndi zochepa kwambiri, zosaposa magalamu 2 pa magalamu 100 a chinangwa chachiwisi. Mwana wongodya kondowole kapena phala lake lokha angathe kutupikana ngakhale mimba ili yokhuta. Mwayi wathu ndi nyanja. Tisagulitse usipa ndi utaka wonse, wina utsale wa ana. Chigwada nachonso chili ndi zomanga thupi zambiri kuposa chinangwa chenichenicho. Tichisinje bwino, tichiwiritse nthawi yaitali mphika uli wosavundikira, ndipo titendere nsinjiro. Futali wathu uja wa pa Ramadhan ndi chitsanzo chabwino, pakuti mtedza umakwaniritsa chimene chinangwa chikusowa.

Pa msika napo phuma limatiluzitsa. Chinangwa chikakumbidwa chimayamba kuda pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo mavenda amadziwa zimenezi. Wokumba asanapeze wogula amagulitsa pa mtengo wolira. Pamene chili m'nthaka chimatidikira miyezi ingapo, tsono tikumbe chokhacho chimene tapezera msika. Manyokola amayenda malonda m'matauni monga Lilongwe ndi Blantyre, kumene anthu amamwera tiyi m'malo mwa buledi. Chotsala tisandutse makaka kapena ufa, tisunge pouma, tidzagulitse m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene chakudya chasowa. Alimi angapo atagwirizana kupeza galimoto imodzi, sangakakamizike kugulitsa munda wonse kwa wogula woyamba kufika.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mvula isanagwe, tiyeni tiyendere minda yathu, tiike zizindikiro pa mitengo yathanzi yodzabzala, ndipo yodwala tiizule n'kuitentha. Tidzakumanenso m'kope lotsatira.