Musathamangire kutaya chigwiriro chathabwa

Kumayiko kumene mfuti zimagulitsidwa m'sitolo, mkangano wa chigwiriro chathabwa ndi chapulasitiki ena amauyesa wotha kale. Amati pulasitiki ndi yotchipa, yopepuka, siopa mvula, ndiye thabwa likhale la anthu okonda zokongola. Mawuwa ndayamba kuwamva kunonso, pakati pa alimi amene ali ndi chilolezo cha kupolisi chosungira chifefe kapena mfuti yothamangitsira nguluwe ndi anyani m'munda. Ine ndikuti tisameze msanga. Mawuwa ndi oona pang'ono, ndipo mbali imene ndi yoonayo si imene imafika m'manja mwa Mmalawi wamba.

Mlandu wa thabwa ndi umodzi, koma ndi waukulu: limamwa madzi. Mtengo ngakhale unadulidwa kalekale umafufuma kukachita chinyontho, n'kufota kukauma. Chigwiriro chikafufuma chimakankha mpope wa mfuti pang'ono chabe, moti ndi maso simungaone, koma chipolopolo chikayenda mamita 100 kupotoka kuja kwakula. Mfuti imene inkalasa pamalo mu Okutobala ikhoza kumaphonya mu Januwale, mwini wake n'kumadziimba mlandu kuti maso akalamba. Asilikali a ku America anaziona ku Vietnam. Mfuti yawo yolasira patali ya M40, imene inayamba ntchito mu 1966, inali ndi chigwiriro chathabwa, ndipo chinyontho cha kumeneko chinkachipotoza. M'zaka za m'ma 1970 anaikonzanso n'kuitcha M40A1, ataika chigwiriro cha faibagalasi chopangidwa ndi kampani ya McMillan. Pamenepa palibe chotsutsa. Mlonda wa nyama amene amagona m'tchire la Nkhotakota mvula ili pamsana, kapena wa ku Majete amene amayenda m'kutentha kwa kuchigwa cha Shire, akuyenera chigwiriro chosasintha ndi nyengo, chifukwa akakumana ndi njati yovulala alibe mpata woombera kachiwiri. Bungwe la African Parks, limene linatenga Majete mu 2003 ndi Liwonde komanso Nkhotakota mu 2015, likamagulira alonda ake zida, ine sindingaliuze kuti lisankhe thabwa.

Vuto n'lakuti zinthu ziwiri zosiyana kwambiri tikuzitcha dzina limodzi la pulasitiki. Chigwiriro cha faibagalasi, chija cha asilikali, amachipanga poyala nsalu za ulusi wagalasi m'chikombole n'kuzimata ndi guluu wolimba, monga amapangira maboti ena a panyanja. Ndi ntchito yamanja, imadya nthawi, ndipo chimodzi chimagulidwa madola mazana angapo, kuposa chigwiriro chathabwa wamba. Chimene chimabwera pa mfuti zotchipa ndi china. Amasungunula pulasitiki n'kuipopera m'chikombole chachitsulo, mphindi zochepa chatuluka. Chikombolecho n'chodula, koma akachigula kamodzi chimabala zigwiriro zikwizikwi, n'chifukwa chake makampani amachikonda. Kutchipa kwake kumapindulira wopanga poyamba.

Gwirani chigwiriro chotere mumve. M'kati ndi mphako. Kutsogolo kwake mukafinya ndi dzanja kumapindika mpaka kukhudza mpope, ndiye vuto lija timalithawa pa thabwa labweranso, ulendo uno popanda ngakhale dontho la mvula. Chikagunda nthambi chimalira phokoso la chigubu, nyama n'kudzuka. Popeza n'chopepuka, mfuti imakankha phewa kwambiri ikalira, pakuti kulemera kwa mfuti n'kumene kumameza mphamvu ina ya kukankhako. Chakuda chikakhala padzuwa la ku Nsanje chimatentha tsaya. Aliyense amene anakhalapo pa mpando wapulasitiki wa pamaliro umene wadya dzuwa zaka zingapo akudziwa mmene umathera: dzulo unali bwinobwino, lero mwendo wathyoka popanda chenjezo, ndipo palibe mmisiri angaulumikize.

Si pulasitiki yonse ili choncho, n'zoona. Kampani ya Remington inatulutsa mfuti yaing'ono ya Nylon 66 mu 1959, ya chigwiriro cha nayiloni wa DuPont, ndipo inatchuka ndi kulimba, moti zinapangidwa zoposa miliyoni imodzi. A ku Russia nawo, amene Kalashnikov yawo tinaizolowera ndi thabwa lofiirira, anaika pulasitiki yosakaniza ndi ulusi wagalasi pa AK-74M ya mu 1991. Koma wogula wa kuno adziwa bwanji kuti imene wapatsidwa ndi iti? Pa thabwa maso amathandiza: mumaona mmene mizere ya mtengo yayendera pakhosi pa chigwiriro, malo opyapyala amene dzanja limagwira, ndipo ngati yadutsa mopingasa mumadziwa kuti tsiku lina pang'aluka. Pulasitiki yabwino ndi yoipa zonse n'zakuda, zonse n'zosalala.

Chimene chimandiimitsa kumbali ya thabwa kwenikweni ndi tsiku limene chigwiriro chawonongeka. Malume anga anasunga chifefe chimodzi moyo wawo wonse wa ulimi. Chinang'aluka pakhosi chitagwa pangolo, ndipo anachimata ndi guluu, n'kuboola n'kulowetsamo kamsomali kamkuwa, ntchito ya masana amodzi. Chinagwira ntchito mpaka iwo anasiya kulima. Thabwa limalola kupalidwa, kumatidwa, kufupikitsidwa kuti likwane munthu wa mikono yaifupi. Chapulasitiki yotchipa chikasweka, guluu wamba sagwira, ndipo chatsopano chiyenera kuchokera kunja. Pamenepo mwalowa pamzere wofuna madola kubanki, mwayamba kuyendera mapepala, ndipo mukulipira ndi kwacha imene inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene amati pulasitiki ndi yotchipa amawerengera tsiku logula lokha, ndiponso amawerengera ali ku dziko kumene china chimafika pakhomo sabata isanathe.

Tisaiwalenso kuti mfuti imene dziko lino limaidziwa bwino ndi yathabwa. Lee-Enfield, ija timangoti 303, asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anainyamula mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'nkhalango za mvula yosaleka, ndipo ambiri a ife tinakula tikuiona paphewa la wapolisi. Mfuti zimenezo sizinali zonse za thabwa lapamwamba. Pa nthawi ya nkhondo walnut, mtengo umene opanga mfuti amaukonda chifukwa ndi wolimba koma wosalemera kwambiri, unasowa, ndipo anagwiritsa ntchito beech ndi birch. A ku Germany anapeza njira ina pa mfuti yawo ya K98k: kumata timatabwa topyapyala tambirimbiri kukhala chinthu chimodzi. Chigwiriro chomata chotere chimalemera, koma sichipotoka ngati thabwa lathunthu, ndipo mpaka lero chimagulidwa pamtengo wapakatikati. Kwa mlimi wa ku Thyolo kapena Nkhata Bay, kumene chinyontho sichichoka, chimenechi n'chimene ndingamusankhire.

Kuli thabwa lina limene sindikulinena pano. Ku London, makampani ngati Purdey ndi Holland & Holland amasema zigwiriro kuchokera ku walnut wa ku Turkey wokhala ndi mizere yokhotakhota ngati utsi, wouma kwa zaka, ndipo chipika chimodzi chisanasemedwe chimatha kupitirira madola 1,000. Zimenezo n'za anthu amene amagula mfuti monga ena amagulira chithunzi chopachika pakhoma. Anthu akamati thabwa ndi lodula amakhala akuganiza za limeneli, pamene thabwa lopanda maluwa, la mizere yowongoka, n'lotchipa ndiponso nthawi zambiri n'lolimba kuposa lokongolalo.

Thabwa likamalephera kwathu kuno, kawirikawiri mwini wake ndiye walilephera. Amapaka vanishi kunja kuti liwale, koma m'kati, mmene mwagona chitsulo, ndi kumapeto kumene kumakhudza phewa, amasiya osapaka kanthu, chonsecho madzi amalowera kumeneko. Amathira oyilo wambiri m'chitsulo n'kuimika mfuti mpope uli m'mwamba, oyiloyo n'kumatsikira m'thabwa chaka ndi chaka mpaka pakhosi pafewa n'kuda bii. Mankhwala ake si odula: mafuta a linseed opaka pang'onopang'ono kunja ndi m'kati, kampata kakang'ono pakati pa mpope ndi thabwa koti pepala lidutse, ndi kusunga mfuti pouma, yokhomeredwa, kutali ndi ana ndi chiswe.

Wina andifunsa kuti bwanji osasema zigwiriro ndi mitengo yathu. Mlombwa ungathe ndithu, chifukwa ndi umodzi mwa mitengo imene sifota kwambiri ikauma, n'chifukwa chake akalipentala amaukonda pa zitseko. Koma mu 2022 mayiko a m'pangano la CITES anaika mlombwa ndi mbawa za mu Africa pa mndandanda wa mitengo yoyenera kuyang'aniridwa pa malonda a pakati pa mayiko, pakuti ikutha. Chigwiriro chimodzi chimafuna kathabwa kosakwana mita, ndipo kotere kamapezeka pa chitseko chakale kapena pa bedi lothyoka la agogo, kouma kale zaka makumi angapo, kosafuna kuti wina akalowe ndi nkhwangwa ku Dzalanyama.