Ana a Ndirande ndi Bangwe akusowa koleji yawo

Mwana akakhoza MSCE koma osapeza malo ku yunivesite ya boma, kholo la ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa limasowa mtengo wogwira. Posakhalitsa limakopeka ndi zikwangwani zimene zadzaza m'makoma a Limbe ndi m'tauni mwa Blantyre, zolonjeza kosi ya kompyuta kapena usekilitale wa miyezi itatu. Mayi amakongola kubanki m'khonde, mwana n'kukalembetsa. Kumeneko amapeza chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo, makompyuta owerengeka, ophunzira ali thithithi. Magetsi akazima, mphunzitsi amajambula Excel pabolodi. Mwanayo amatuluka ndi setifiketi yokongola, koma atamupatsa kalata yoti ataipe, thukuta limamutuluka.

Makoleji ena oima paokha amaphunzitsa mokhulupirika, ndipo ndimawalemekeza. Mkwiyo wanga uli pa boma, limene lasiya maphunziro a ntchito za muofesi m'manja mwa aliyense amene angathe kuchita lendi chipinda.

Bungwe la TEVETA, loona za maphunziro a luso, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti achinyamata aphunzire luso. Mabanki a mu Victoria Avenue, mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba, masitolo akuluakulu a mu Limbe, onsewa ndi osonkha. Mu 2015 Pulezidenti Peter Mutharika anatsegula koleji ya m'dera ku Ngara m'boma la Karonga, ndipo cholinga chinali chakuti boma lililonse likhale ndi yake. Linali ganizo labwino. Koma tikamati koleji ya m'dera, maganizo athu amathamangira ku zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo ndi kusoka. Ntchito zimenezi n'zofunika, koma mzinda wamalonda umafunanso kalaliki wodziwa kusunga mafayilo, wolemba malisiti pakompyuta mosalakwitsa, wokonza makina akafa, wolumikiza intaneti muofesi.

Wina anena kuti NACIT ilipo ku Chichiri, Soche Technical College ilipo, MUBAS nayonso ilipo. Inde zilipo. Malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi chinamtindi cha ana omaliza Fomu 4 chaka chilichonse, ndipo mtsikana wogulitsa zovala za kaunjika mumsika wa Limbe sangasiye benchi lake m'mawa kukakhala m'kalasi. Iye akufunika maphunziro a madzulo, pafupi ndi kwawo, pamtengo wofikirika. Chimapweteka kwambiri n'chakuti makosi ambiri a m'tauni amalembetsa mayeso kumabungwe a ku Britain, ndipo ndalama ya mayeso imawerengedwa m'mapaundi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kholo lomwe linali litalipira kale fizi linapezeka likulephera kulipira mayeso. Kutaipa kalata kumafunikiradi chidindo cha ku London?

Pali mbali ina imene sitiiganizira n'komwe: ntchito za chilungamo. Sukulu ya apolisi ya ku Kanjedza imaphunzitsa okhawo amene alembedwa ntchito ya upolisi. Koma chilungamo sichiyenda ndi wapolisi ndi woweruza okha. Chimayendanso ndi kalaliki wa kukhoti, wotanthauzira, wosunga kaundula wa kundende. Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 42, amati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Komatu pitani kundende ya Chichiri mukamve nkhani za anthu okhala pa rimandi nthawi yaitali chifukwa fayilo yasowa. Fayilo siyenda yokha. Imasowa chifukwa dongosolo losungira ndi lofooka ndipo anthu ophunzitsidwa bwino ntchitoyo ndi ochepa. Kuyambira m'chaka cha 2000, anthu othandiza pa zamalamulo a Paralegal Advisory Service asonyeza kuti munthu amene si loya, ataphunzitsidwa bwino, angathe kuthandiza mkaidi wosauka kupempha belo. Nanga bwanji maphunziro otere sakupezeka mosavuta kwa mnyamata wa ku Chilomoni?

Onjezerani akuba a pafoni, aja amaimba kuti atumiza ndalama molakwitsa pa Airtel Money kapena Mpamba. Lamulo la zochitika pa intaneti tinalikhazikitsa mu 2016, koma lamulo silifufuza mlandu. Pakufunika achinyamata odziwa kompyuta komanso odziwa kusunga umboni kuti ukaime pakhoti.

Zimene ndikupempha n'zotheka popanda kumanga nyumba zatsopano. Masukulu a sekondale a boma monga Chichiri, Njamba ndi Soche Hill ali ndi zipinda zimene zimakhala zotseka usiku ndi Loweruka. Unduna wa Zantchito ndi TEVETA aikemo makompyuta ndi magetsi a sola, mayeso akhale a konkuno olipira m'makwacha, ndipo kampani iliyonse yosonkha 1 peresenti ija itenge ophunzira kuti akazolowere ntchito asanalandire setifiketi. Makhoti ndi Legal Aid Bureau achitenso chimodzimodzi. Ndipo chaka chilichonse zotsatira za MSCE zikatuluka, TEVETA ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE aziwerenga pawailesi, m'Chichewa, mayina a makoleji ovomerezeka mu Blantyre, makolo asanayambe kukongola.