Penti Waufa Abwere ku Mwanza, Koma Chitetezo Chitsogole

Boma la Mwanza limadziwika ndi manachesi komanso chipata cholowera ku Mozambique, koma pali ntchito ina imene ikudyetsa mabanja ambiri m'mbali mwa msewu wa M6. Iyi ndi ntchito yowotcherera zitsulo. Mafelemu a zitseko ndi mawindo, mageti, mabedi ndi mbaula zimayalidwa panja kudikira ogula. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 130,000, ndipo aliyense womanga nyumba ya njerwa zootcha amasowa felemu. Katundu yenseyu asanaperekedwe kwa mwini wake amayamba wapakidwa penti, chifukwa chitsulo chosapakidwa chimagwidwa ndi dzimbiri dzinja limodzi lisanathe.

M'nkhani ino ndikufuna kukamba za njira ina yopakira zitsulo, ya penti waufa, imene pa Chingerezi amati powder coating. Zipangizo zake zimagulitsidwa ku South Africa, kumene achinyamata athu ambiri amapita kukagwira ntchito kudzera pa chipata cha Mwanza chomwechi, choncho si zovuta kuti wina abwere nazo pobwerera kumudzi. Maganizo anga ndi akuti lusoli ndi labwino ndipo liyenera kufika kwa amisiri a ku Mwanza. Koma lisafike mwa njira yakuti aliyense agule mfuti yake yopopera n'kumakagwirira ntchito kuseri kwa nyumba. Lifike kudzera pa malo amodzi okonzedwa bwino, okhala ndi anthu ophunzitsidwa.

Poyamba tione mmene pentiyu amagwirira ntchito. Penti amene tinazolowera ndi wamadzimadzi, ndipo amasungunulidwa ndi thina kuti apopereke. Penti waufa alibe thina. Ndi ufa wosalala kwambiri wopangidwa kuchokera ku pulasitiki ndi utoto. Mpweya wochokera mu kompresa umakankha ufawo kudutsa mu mfuti yopopera, ndipo kukamwa kwa mfutiyo ufa umalandira mphamvu ya magetsi imene imatha kufika mavoti 100,000. Chitsulo chopakidwacho chimakhala chitakolekedwa pa mbedza yolumikizidwa ndi waya wopita m'nthaka. Kusiyana kwa mphamvuku kumachititsa kuti ufa ukakamire pa chitsulo, monga mmene tizidutswa ta pepala timakakamirira ku chipeso chimene chakhuzidwa m'tsitsi. Kenako chitsulo chimalowetsedwa mu uvuni wotentha madigiri 180 mpaka 200 kwa mphindi 10 kapena 20. Ufa umasungunuka, n'kuuma ngati chikopa cholimba. Njira yokutira zitsulo ndi ufa inayambira ku Germany m'zaka za m'ma 1950, ndipo kupopera ndi mphamvu ya magetsi kunafala m'zaka za m'ma 1960.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Geti lopakidwa motere silikandika msanga ndipo limapirira dzuwa ndi mvula kuposa lopakidwa ndi bulashi. Ufa umene waphonya chitsulo ukhoza kusonkhanitsidwa n'kugwiritsidwanso ntchito, pamene penti wamadzi akauluka wapita. Koposa zonse, mmisiri sapumanso fungo la thina limene limachititsa chizungulire ndi mutu, komanso limawononga ubongo ndi chiwindi pakapita zaka. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Popeza pentiyu sanunkha kwambiri, munthu angaganize kuti alibe vuto. Mavuto alipo, ndipo ndifotokoza anayi.

Vuto loyamba ndi la mapapo ndi khungu. Ufawu ndi wopepuka, umayandama mumpweya, ndipo wopopera amaupuma. Mitundu ina ya penti waufa imakhala ndi mankhwala olimbitsa otchedwa TGIC, amene amayambitsa ziwengo pakhungu ndi mphumu, ndipo maiko a ku Ulaya anawaika m'gulu la mankhwala otha kuwononga chibadwa cha munthu. Masiki yansalu imene tinkavala nthawi ya Covid-19 siingatseke fumbi lotere, ngakhalenso mpango womanga pamphuno. Pamafunika masiki yokhala ndi sefa, yogwira bwino nkhope, ndi chipinda chopoperamo chokhala ndi fani yokoka fumbi kupita nalo ku sefa. Pali chikhulupiriro pakati pa opopera penti ndi owotcherera chakuti kumwa mkaka poweruka kumatsuka m'chifuwa. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma umapita m'mimba, pamene fumbi lapita m'mapapo. Njira ziwirizi sizikumana.

Vuto lachiwiri ndi moto. Ufa uli m'thumba suoneka woopsa, koma ukabalalika mumpweya n'kukumana ndi kamoto kakang'ono umayaka nthawi imodzi, ndipo m'chipinda chotsekeka umaphulika. Pa 27 June 2015, pa malo ena achisangalalo ku Taiwan, ufa wa chimanga wosakaniza ndi utoto umene ankawaza anthu ovina unagwira moto. Anthu 15 anamwalira ndipo mazana anapsa. Ngati ufa wa chimanga ungachite zimenezi, nanji ufa wa pulasitiki? Tsono taganizirani mmene mashopu athu ambiri alili. Pamalo amodzi pomwepo wina akuwotcherera, wina akudula chitsulo ndi gulayinda moto uli thethethe, wina wayatsa fodya, ndipo pakona pali chigubu cha petulo wa jenereta. Kubweretsa mtambo wa ufa pamalo otere ndi kuitana maliro. Malo opoperapo ayenera kutalikirana ndi owotchererapo, ndipo fumbi logwa pansi lisamauluzidwe ndi mpweya wa kompresa poyeretsa, chifukwa kutero ndi kupanga mtambo womwe tikuuopawo.

Vuto lachitatu ndi magetsi. Ntchito yonseyi imadalira waya wopita m'nthaka, umene amisiri amautcha ethi. Pamafunika ndodo yamkuwa yokhomeredwa pansi penipeni, ndipo chitsulo, mbedza, chipinda ndi makina zonse zilumikizidwe ku ndodoyo. Mbedza ikakutidwa ndi penti wa masiku apitawa imasiya kudutsitsa magetsi. Zikatero mphamvu imaunjikana pa chitsulo mpaka kuthetheka, ndipo kuthetheka kumeneku ndi kumene kumayatsa ufa. N'chifukwa chake mbedza ziyenera kupalidwa kawirikawiri. Wopopera nayenso ayenera kulumikizana ndi nthaka. Apa pali chodabwitsa kwa ambiri: magambutsi ndi magolovesi a labala, amene timawaona ngati chitetezo pa ntchito zina, pano amachititsa kuti mphamvu iunjikane m'thupi. Chikhatho chiyenera kukhudza chogwirira cha mfuti, ndipo nsapato zikhale zolola mphamvu kutsikira pansi. Izi munthu sangazidziwe pongoonerera mnzake. Safunsa anadya phula.

Vuto lachinayi ndi uvuni. Geti silingalowe mu uvuni wa kukhitchini, koma tizitsulo ting'onoting'ono ta njinga yamoto tingalowe, ndipo apa ndi pamene pali chiyeso. Uvuni umene waotchapo penti usaphikirenso sikono kapena chigumu, pakuti utsi wa pentiyo umatsalira m'makoma ake. Uvuni wa ntchitoyi umafunika chumuni chotulutsira utsi panja ndi chida choyezera kutentha, chifukwa mphindi zimayamba kuwerengedwa chitsulo chenichenicho chikafika pa madigiri oyenera. Umafunikanso magetsi odalirika. Tonse tikukumbukira mmene magetsi ankathimira namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Magetsi akathima ntchito ili pakati, penti sapsa mokwanira ndipo amadzasupuka, kasitomala n'kutaya chikhulupiriro.

Pali gawo linanso limene anthu amaliiwala, lokonza chitsulo chisanapakidwe. Ufa sugwira pa dzimbiri, mafuta kapena penti wakale. Ena amachotsa zimenezi popopera mchenga wa kumtsinje ndi kompresa. Mchenga ukaphwanyika umatulutsa fumbi limene limaumitsa mapapo, matenda omwe aja anavutitsa azigogo athu amene anakagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni. Matendawa alibe mankhwala, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu. Dziko la Britain linaletsa kutsuka zitsulo ndi mchenga wotere kalekale mu 1949. Penti wakale nayenso akhoza kukhala ndi mtovu. Kafukufuku amene anachitika m'dziko muno mu 2020 anapeza mtovu wochuluka m'mitundu yambiri ya penti wamafuta wa m'masitolo, ndipo izi zinachititsa bungwe la Malawi Bureau of Standards kukhwimitsa ntchito yoyendera opanga penti. Koma mageti amene anapakidwa kale akadali m'makomo mwathu. Mmisiri akapala geti lotere, fumbi la mtovu limatsalira m'zovala zake, ndipo madzulo mwana amene wamukhalira pamwendo amalipuma kapena kulidya. Mtovu umawononga nzeru za mwana mosabwezeka.

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhani za anthu okhuta. Mmisiri wa ku Mwanza amadya zimene wapeza tsiku lomwelo, ndiye ndalama ya fani, sefa, ndodo yamkuwa ndi uvuni aitenga kuti? Kodi kumuuza kuti adikire mpaka zonse zikwane si kumutsekera mwayi, pamene anzake a ku Blantyre ndi ku Tete akupita patsogolo? Funsoli ndi lomveka ndipo sindikulipeputsa. Ndi zoona kuti mmisiri mmodzi sangakwanitse. Koma yankho la kusowa ndalama si kuchotsa chitetezo. Mfuti yopopera ndi gawo lotchipa la ntchitoyi, ndipo amene wagula mfuti yokha wagula ngozi, luso lenilenilo walisiya m'sitolo. Komanso tisaiwale amene amalipira chitetezo chikasowa. Kawirikawiri si mwini shopu. Ndi mnyamata wophunzira ntchito, amene amapatsidwa sandipepala ndi mfuti chifukwa ndi ntchito yonyansa imene akuluakulu saifuna. Iyeyu salandira malipiro enieni, alibe kalata ya ntchito, ndipo akayamba kubanika amangobwerera kumudzi kukasamalidwa ndi mayi ake.

Mutu umodzi susenza denga. Chimene mmisiri mmodzi sangathe, amisiri makumi awiri angathe. Ndikupempha kuti owotcherera a pa boma la Mwanza apange gulu lokhala ndi malo amodzi opakira penti waufa. Aliyense azipanga mafelemu ake ku shopu kwake monga mwa masiku onse, n'kumabweretsa kumaloko kuti apakidwe pa mtengo wogwirizana. Njirayi si yachilendo kwa ife. Palibe banja limene limagula chigayo chakechake, tonse timapita ku chigayo chimodzi n'kulipira pa ndowa. Ilinso ndi phindu pa ndalama, chifukwa uvuni umadya magetsi ambiri ngakhale muli felemu imodzi yokha. Uvuni wa gulu ungamadzaze tsiku lililonse, pamene wa munthu mmodzi ungamayake uli ndi theka.

Kuti izi zitheke, mbali zingapo ziyenera kugwirapo ntchito. Khonsolo ya boma la Mwanza ipereke malo otalikirana ndi nyumba zogona, msika wa zakudya ndi malo omwetsera mafuta. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liyang'anire maphunziro a ntchito zamanja, liphunzitse anthu awiri kapena atatu oyendetsa malowo, ndipo liwonjezere phunziro la chitetezo kwa onse ophunzira kuwotcherera. Unduna woona za ntchito ukumbukire kuti lamulo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito la mu 1997 linaika udindo pa olemba ntchito woteteza antchito awo, komanso kuti lamulo la zantchito la mu 2000 linaletsa kupatsa ana osakwana zaka 18 ntchito zoika moyo wawo pachiswe. Malamulowa asathere m'mafakitale a ku Makata ndi ku Kanengo. Mapapo a mnyamata wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache ndi ofanana ndi a wantchito wa mufakitale.

Ife ophunzira zinenero tilinso ndi gawo lathu. Malangizo a pa makatoni a penti ndi timabuku ta makina amabwera m'Chingerezi, m'Chipwitikizi kapena m'Chitchaina. Mmisiri amene analekezera sukulu ku pulayimale sangawamve, ngakhale ali katswiri pa ntchito yake. Timaphunzira kumasulira ndi kupanga mawu atsopano, koma nthawi zambiri luso lathu limathera m'mayeso. Tsamba limodzi la Chichewa chomveka, lofotokoza za ethi, masiki ndi moto, lomatidwa pakhoma la shopu, lingapulumutse maso kapena moyo wa munthu. Ntchitoyi tiyenera kuichita limodzi ndi amisiriwo, pogwiritsa ntchito mawu amene iwo amayankhula, osati amene tawapeka tili m'kalasi.

Pomaliza, amisiri a ku Mwanza ali pa msewu umene umadutsa magalimoto a ku Beira, Harare ndi Johannesburg, ndipo katundu wopakidwa bwino angapeze msika mbali zonse ziwiri za chipata. Sindikufuna kuti mantha awatsekere khomo limeneli. Chimene ndikupempha ndi chakuti ndodo yamkuwa ikhomeredwe, fani izungulire ndipo anthu aphunzire, mfuti yoyamba isanapopere. Kupewa kumaposa kuchiza, makamaka pamene matendawo ndi osachizika.