Masters ya kompyuta: banja lifunse lisanagulitse ng'ombe

Mwana akavala mkanjo ndi chisoti cha digiri, pakhomo pamakhala nthungululu. Koma chaka chikatha mwanayo akungozungulira m'maofesi ndi envelopu ya khaki, nkhani imasintha. Apa mpamene amabwera ndi ganizo lobwerera kusukulu kukachita digiri yachiwiri, ya masters, pa zamakompyuta. Bambo ake a hadiweya pa Mponela, kapena mayi ake a geni ya nsomba pa Liwonde, amangomva mawu awiri, kompyuta ndi masters, n'kuyamba kuwerenga ng'ombe za m'khola.

Ganizolo si loipa. Choipa n'chakuti mabanja ambiri amatulutsa ndalama asanadziwe zomwe sukuluzo zimafuna. Safunsa adadya phula.

Kudziwa kutayipa, kukonza foni kapena kuika nyimbo m'mafulashi si maphunziro a kompyuta ayi. Pakhomo pa masters amafunsa masamu ndi luso lolemba mapulogalamu. Sukulu zambiri zimafuna digiri yoyamba ya zamakompyuta kapena yoyandikana nayo, monga masamu ndi uinjiniya, ndipo zimayang'ana malikisi a phunziro lililonse, osati satifiketi yokha. Choncho mnyamata amene kwa zaka zinayi ankangopulumukira m'kamwa mwa mbuzi pamayeso, adadzitsekera yekha makomo ambiri kalekale, ngakhale bambo ake atagulitsa khola lonse. Amene adachita zina, monga zaulimi, sakanidwa konsekonse, koma amayenera kuonetsa kuti masamu ndi mapulogalamuwo adawaphunzira penapake podziwika.

Njira yomwe ikukopa achinyamata ndi ya pa intaneti. Mu Januwale 2014, sukulu ya Georgia Tech ya ku America idayamba kuphunzitsa masters ya kompyuta pa intaneti, ndipo panthawiyo maphunziro onse ankakwana ndalama zosapitirira madola 7,000. Wophunzira amayenera kukhoza makosi 10, ndipo m'chaka choyamba akhoze awiri a maziko ndi giredi B kapena kuposa apo. Digiri yake ndi yofanana ndi ya amene adakhala m'kalasi ku Atlanta. Mwana satuluka m'dziko, sasiya ntchito, salipira lendi yakunja.

Zikumveka ngati zophweka, koma walira mvula walira matope. Mayeso amalembedwa kamera ya kompyuta ili choyang'ana wophunzirayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nanga magetsi akathima mayeso ali mkati? Nanga netiweki ikathawa, monga imachitira mvula ikamagwa? Banja lomwe lasankha njirayi liwerengeretu sola, batire ndi ma bandulo a mwezi ndi mwezi, chifukwa izi sizilembedwa pa fomu ya fizi. Komanso fiziyo ndi ya madola. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankalipira sukulu yakunja adadzuka ngongole yake itafufuma, iye asanaonjezere kosi ngakhale imodzi. Kupeza dolayo kubanki ndi nkhani inanso.

N'chifukwa chake sukulu zakuno siziyenera kudereredwa. University of Malawi ku Zomba ili ndi masters ya Informatics, ndipo zofufuza zili pakhomo pomwe. Mwachitsanzo, unduna wa zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala pogwiritsa ntchito pulogalamu ya DHIS2, yomwe idapangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo. Wophunzira amene angafufuze chifukwa chake malipoti a chipatala chakumudzi amachedwa kufika kuboma, wachita ntchito yooneka ndi maso, yomwe ngakhale agogo ake angaimvetse.

Koma apanso pali dzenje. Masters yambiri ili ndi zigawo ziwiri: makalasi, kenako kafukufuku amene amalembedwa ngati buku. Makalasi amatha bwino chifukwa pali belu ndi mphunzitsi. Kafukufuku alibe belu. Munthu wapantchito, wa banja, amene maliro ndi zinkhoswe zikumudikira Loweruka lililonse, atha kukhala zaka akunena kuti "ndatsala pang'ono". Mwana asanalipire, afunse sukuluyo kuti womuyang'anira pa kafukufuku adzakhala ndani, ali ndi ophunzira angati, ndipo mwa omwe adayamba zaka zitatu zapitazo, amaliza ndi angati. Sukulu yabwino siingakwiye ndi mafunso otere.

Kwa amene adakhoza bwino, kulinso thandizo la fizi. Chevening imalipirira masters ya chaka chimodzi ku Britain, koma imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo akamaliza abwerere kwawo kwa zaka ziwiri. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, kuli nthambi ya Carnegie Mellon University yophunzitsa masters ya zamakompyuta. Wofuna ku South Africa adziwe kuti digiri yake imayamba yaunikidwa ndi bungwe la SAQA, ndipo atha kuuzidwa kuti ayambe wachita chaka cha honours. Mwachidule, mwana amene wangomaliza kumene sakutaya nthawi akayamba wagwira ntchito, ngakhale ya malipiro ochepa, chifukwa zaka ziwirizo zimatsegula khomo lomwe ng'ombe sizingatsegule.

Chotsala ndi pepala lenilenilo. Lamulo la 2011 lidakhazikitsa bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, lomwe limavomereza sukulu zaukachenjede ndi maphunziro ake, komanso kuunika madigiri ochokera kunja. Chomwe makolo ambiri sadziwa n'chakuti bungweli limaunika pulogalamu iliyonse payokha. Sukulu itha kukhala yololedwa, digiri yake ya zamalonda n'kukhala yovomerezeka, koma masters ya kompyuta yomwe ikulengezedwa pa Facebook ili yosaunikidwa. Dzina la pulogalamuyo lipezeke pa mndandanda wa NCHE mwana asanapite kubanki kukadipozita fizi ya temu yoyamba.