"Yafa iyi, tingoifomata"

Amene mudaona kuti sabata yatha tsamba lino lidalibe ndemanga yanga, mlandu wake nawu. Lachiwiri m'mawa, tsiku loti nditumize nkhani kwa akonzi, laputopu yanga idandikana. Ndidadina batani, kanyali kadayaka, fani idalira monga mwa masiku onse, koma m'malo mwa chizindikiro cha Windows padabwera mdima ndi kamzere kamodzi ka Chingerezi: "No bootable device". Ndidaizimitsa n'kuiyatsanso. Chimodzimodzi. Ndidabwereza kachitatu, ngati kuti makina amachita manyazi ukawaumiriza.

Laputopuyi ndi ya kaunjika, imodzi mwa zija zimafika kuno zitatopa kale m'maofesi a kunja. Batire lake lalikulu lidafa kalekale, moti magetsi akazima nayo imazima pomwepo ngati kandulo pamphepo. M'kati mwake mudali zolemba zanga za zaka 6, zithunzi za chinkhoswe cha mchemwali wanga, komanso kaundula wa banki mkhonde ya mayi akunyumba, wosonyeza amene adakongola ndi amene adabweza. Za zolemba zanga ndikadalira ndekha. Kaundulayo ndiye adanditulutsa thukuta.

Ndidathamangira m'tauni, pakhonde lina pamene anyamata amakonza mafoni ndi makompyuta. Mnyamata woyamba adangoyang'ana sikirini kamodzi.

"Madala, hadi disiki yafa iyi. Tingoifomata, tiike Windows yatsopano. Ola limodzi mwatenga."

"Nanga mafayilo anga?"

"Aaa, amenewo ndiye iwalani."

Ndidatsala pang'ono kuvomera, chifukwa munthu wothedwa nzeru amamvera aliyense woyankhula molimba mtima. Chidandibweza ndi funso limodzi: ngati disikiyo yafa, Windows yatsopanoyo aiika pati? Chakufa sichifomatidwa. Ngati akutha kulembapo zatsopano ndiye kuti ili moyo, ndipo ngati ili moyo, mafayilo anga ali momwemo. Mnyamatayo adaseka, nati madala mumafunsa mafunso ovuta. Sindimuda. Kufomata ndi mankhwala achangu, amapoletsadi matenda ambiri, ndipo iye amadya malinga ndi kuchuluka kwa makina amene wawatulutsa pa tsiku. Vuto n'lakuti mankhwalawo amachiza nyumba poitentha ndi katundu yemwe.

Kuseri kwa khondelo kudali bambo wina wa imvi, amene anzake amangomutcha mdala wa makompyuta. Iyeyu sadagwire laputopu msanga. Adayamba ndi mafunso ngati sing'anga wa kuchipatala. Mwaigwetsa? Magetsi adazima ili yoyaka? Pali fulashi kapena china chimene mudasiya mutasomeka? Kenako adaiyatsa n'kugunditsa khutu pansi pake, phee, kumvetsera.

"Ikuzungulira bwinobwino, achimwene. Musadandaule msanga."

Zimene adandiphunzitsa pambuyo pake ndizo ndikufuna kukugawirani. Kompyuta ikayatsidwa, choyamba kudzuka si Windows ayi. Ndi kapulogalamu kakang'ono kokhala pa bolodi lalikulu la makinawo, kotchedwa BIOS, kapena UEFI m'makina atsopano. Kali ngati mlonda wa pasukulu amene amafika m'bandakucha, n'kuzungulira kuona ngati zonse zili m'malo, kenako n'kukagogoda kwa aphunzitsi aakulu kuti kwacha. Mlondayu ali ndi kapepala ka makomo oti agogode motsatana: fulashi, DVD, hadi disiki, netiweki. Uthenga wa "No bootable device", kapena anzake aja "Operating system not found" ndi "Boot device not found", ndi mlonda akunena kuti ndagogoda koma sadandiyankhe. Sakulengeza maliro. Mwina wagogoda khomo lolakwika, mwina njira yatsekeka, mwina eni nyumba sakumva chiyankhulo chake. Imfa ilipo ndithu, koma ndi imodzi chabe mwa zifukwazo, ndipo siyenera kukhala yoyamba kuiganizira.

Chotero ntchito yoyamba siilira ndalama: zulani chilichonse chosomekedwa, fulashi, memori khadi, pulinta, muyatsenso. Makompyuta ambiri amachira pomwepa, chifukwa mlonda amakhala atakakamira pa fulashi ya nyimbo akuyesa kuti muli Windows. Zikakanika, lowani kwa mlondayo mukamufunse. Mukangodina batani loyatsira, dinani mobwerezabwereza batani lotsegulira BIOS: pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10 kapena Esc, pa ThinkPad za Lenovo ndi F1, pa makompyuta ambiri a patebulo ndi Del. M'menemo funso lalikulu ndi limodzi: kodi dzina la disiki yanu likuoneka?

Pa yanga lidaoneka, ndi kukula kwake komwe, 500GB. Koma mdalayo adaloza chala pakona ina. Tsiku lidalembedwa kuti ndi 1 Januwale 2013.

"Kompyuta yanu yabwerera kuubwana," adatero.

M'makompyuta ambiri muli kabatire kena kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Kawirikawiri ndi CR2032, ka mavoti 3, kofanana ndi kamene kamakhala mu kiyi wa galimoto. M'malaputopu ena amakakulunga m'pulasitiki n'kukatulutsira timawaya tiwiri. Ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi, ndipo pa makina ambiri kakatha mphamvu, zimene munthu adasankha mu BIOS zimabwerera momwe zidachokera kufakitale. Kanga kadatha, batire lalikulu n'lakufa kale, ndiye magetsi atazima usiku wa Lolemba padalibe chogwiriziza. Mlonda adadzuka ataiwala zonse.

Chimene adaiwala makamaka ndi chiyankhulo. Pali njira ziwiri zodzutsira Windows. Yakale, imene BIOS imaitchula kuti Legacy, imayang'ana kachigawo koyambirira ka disiki kotchedwa MBR, kamalo ka mabayiti 512 okha, kosakwana ngakhale ndime inoyi. Yatsopano, UEFI, idafala kuyambira nthawi ya Windows 8 mu 2012, ndipo imafuna disiki yogawidwa mwa mtundu wa GPT. Amene adandigulitsa laputopu adaika Windows mwa njira yakale. Makina atabwerera ku za kufakitale adayamba kufunafuna mwa njira yatsopano, ndiye ankadutsa pa Windows yanga osaizindikira. Mdalayo adasankha Legacy, adakonza tsiku, n'kudina F10. Timadontho ta Windows tidayamba kuzungulira. Ndidachita kukhala pansi.

Adandichenjezanso za mnzake wa vutoli: mu BIOS muli posankha pakati pa AHCI ndi RAID kapena IDE, ndipo zikasinthika Windows imayamba kudzuka n'kugwa ndi sikirini yabuluu. Lamulo lake iye ndi lakuti usanasinthe kanthu mu BIOS, jambula ndi foni momwe zidalili, ndipo sintha chimodzi pa nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndidamufunsa kuti dzina la disiki likadapanda kuoneka akadatani. Adati akadazimitsa, kuzula chaja, kumasula chivundikiro chapansi, kuisolola disikiyo n'kuibwezera bwinobwino. Laputopu zathu zimayenda pa kabaza ndi m'maminibasi, m'misewu ya zigwembe, ndipo kugwedezeka kumatha kuisekula pang'ono polumikizira. Pa kompyuta ya patebulo amasintha chingwe cha SATA kapena kuchisomeka pena. Zikakanikabe amaitulutsa n'kuiika m'kabokosi kolumikizira pa USB, kuti aone ngati kompyuta ina ingaiwerenge. Nthawi zina wodwala amakhala bolodi, disiki ili bwinobwino.

Ndiye pali pamene disiki ikuoneka, zosankha zili m'malo, koma Windows osadzuka. Apa nthawi zambiri amakhala ataonongeka ndi mafayilo odzutsira, mwina chifukwa magetsi adazima Windows ili m'kati modzikonza. Fulashi yomweyo imene anyamata amafomatira ili ndi mankhwala ake. Pansi pa "Install now", pakona, pali timawu tating'ono takuti "Repair your computer", ndipo m'menemo muli Startup Repair ndi malamulo monga bootrec /rebuildbcd, amene amamanganso khomo osakhudza katundu wa m'nyumba. Komabe mdalayo adati iye sayamba ndi kukonza. Amayamba wadzutsa kompyuta ndi fulashi ya Ubuntu, mnzake wa Windows, osaiika m'makina, n'kukopera mafayilo a mwini wake kwina. Windows ikhoza kuikidwanso kakhumi. Zithunzi za chinkhoswe sizijambulidwanso. Ndipo ngati disiki idakhomedwa ndi BitLocker, monga zilili ndi makina ambiri atsopano, pamafunika kiyi wa manambala 48 amene kawirikawiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake. Popanda ameneyo ngakhale katswiri amangokanda mutu.

Za khutu lija ndidazimvetsa nditakumbukira mlamu wanga. Chaka chatha kompyuta yake idayamba kulira kuti thi, thi, thi, ngati wotchi yapakhoma, kenako n'kulemba uthenga womwewu. M'kati mwa hadi disiki muli timbale tozungulira ka 5,400 pa mphindi m'malaputopu ambiri, kapena ka 7,200 m'makina a patebulo, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pake pa kampata kochepa kwambiri kuposa tsitsi. Kulira kotero ndi kamutuko kakulephera kupeza njira, n'kumabwerera poyambira. Kakakhudza mbale kamapala, ndipo chopalidwacho ndi mafayilo. Mlamu wanga adachezera usiku wonse kuyatsa ndi kuzimitsa, wina n'kumuuza kuti aimenye pang'ono m'mbali, winanso kuti aigoneke mufiriji. Pofika kwa amisiri mudalibenso chotola. Disiki ikayamba kulira motero, chithandizo chabwino chimene mwini wake angaipatse ndi kuizimitsa n'kuisiya mpaka ifike kwa odziwa. Madisiki atsopanowa a SSD alibe timbale, choncho sagwedezeka mtima ndi kabaza, koma nawo ali ndi khalidwe lawo loipa: amafa mwakachetechete, osatsanzika.

Mdalayo adasintha kabatire kaja, adakopera mafayilo anga onse pa fulashi ndisanapemphe, n'kunditchula mtengo wosafika ngakhale theka la umene mnyamata uja adafuna pofomata. Potuluka ndidadutsa pakhonde paja. Mnyamatayo adali ndi kasitomala wina, mayi wa chikwama chakuda, ndipo ndidamva mawu omwe aja akuti yafa iyi. Ndidaima, n'kuwauza mayiwo kuti ayambe adzera kuseri.

Kunyumba ndidafotokoza zonse monyadira, za mlonda, za Legacy, za kabatire. Mayi akunyumba adamvetsera mpaka ndidamaliza, osandidula. M'mawa mwake adabwera ndi kope lachikuto cholimba ndi bolopeni ziwiri, n'kundikhazika pakhonde kuti ndiziwerenga maina a banki mkhonde pa sikirini, iwo akulemba.